Tsiku Limene Agogo a Denisi Anagwa Zenizeni

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga kufikira lero, amene anandiikira anthu panjira ndisanadziwe n'komwe kupempha. Mmodzi wa anthuwo sanali wa mtundu wathu, kutchalitchi sankapondako, ndipo ine ndinawachitira chinthu chimene mpaka pano ndikachiganizira ndimadzuka pampando n'kuyamba kuzungulira m'nyumba.

Dzina lawo linali a Denisi. Ankakhala khomo loyang'anizana ndi lathu, m'mafulati a khonsolo ku Woolwich, mumzinda wa London. Ndikawakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mafuta opukutira nsapato zachikopa, la fodya amene anasiya kalekale koma makatani anali asanamuiwale, ndi la buledi wopserera, chifukwa nkhani ankaiyamba buledi ali pamoto. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkakadikira kwa a Denisi mpaka iwo abwere.

"Uziti agogo," anandiuza amayi tsiku loyamba. "Ana akuno azitchula akuluakulu mayina, koma osati wanga."

A Denisi atauzidwa tanthauzo lake anaseka, dzina n'kulilandira.

Anakulira pakati pa akavalo. Bambo awo ankayenda ndi ngolo m'misewu ya London kutolera zitsulo zakale. A Denisi ali mnyamata, anthu opanga mafilimu anafuna wodziwa kukwera kavalo, ndipo anapita nawo ku Spain, kenaka ku America, kukasewera m'mafilimu a makauboyi, ena a pa TV. Ngwazi ya filimu sanakhalepo. Iwo ankakhala wakuba ng'ombe, kapena chigawenga chobisala padenga, kapena mlonda amene amayamba kuomberedwa. Anali ndi matepi a vidiyo odzaza katoni, ndipo ankaika imodzi, n'kukhala m'mphepete mwa sofa ngati mwana.

"Taona, taona, ndine uyo!"

Pamene ndinkati ndiyang'anitsitse, munthuyo anali atagwa kale pa kavalo.

"Agogo, bwezani, sindinakuoneni."

"Ntchito yake ndi imeneyo, mwanawe. Mnzanga amakwatira mkazi wokongola, ine ndimadya fumbi."

Koma sankadandaula. Kugwa kunali luso lawo, ndipo ankalinyadira monga mmisiri anyadira chitseko chotsekeka bwino. Ankandiphunzitsa pa kapeti: chibwano pachifuwa, phewa liyambe kufika pansi, dzanja usatsogoze. Ndipo ukagwa usagwedezeke, ngakhale ntchentche ikulowe m'mphuno, mpaka mkulu wa filimu anene kuti basi.

Ndimo munachokera masewera athu. Ndikalowa pakhomo ndinkawaloza ndi chala, n'kuti, "Phaa!" Iwo ankagwira pamtima, kuzandima, n'kugwera pa sofa, lilime kunja, mpaka ine ndinene kuti basi. Amayi masewerawa ankadana nawo.

"Tadala, chala chimenecho Mulungu anakupatsa chotsegulira Baibulo, osati choombera anthu."

Ndinkavomera, mawa lake n'kuomberanso.

Lachitatu lina ndinawapeza akutuluka kukhitchini, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinaloza chala. Anatembenuka mofulumira kuti andisangalatse, phazi linakodwa m'mphepete mwa kapeti, ndipo anagwa pansi penipeni, kutali ndi sofa. Kapu inagubuduka mpaka kukhoma. Ine ndinaomba m'manja! Ndinali ndisanaonepo kugwa kokongola chotero. Ndinawasiya dala osanena kuti basi, ndikudumphadumpha, kuyembekezera kuti aseke. Nditanena, sanadzuke. Nditagwada ndinaona thukuta pamphumi pawo ndi milomo itatuwa.

"Uku si kusewera, mwanawe," anatero motsitsa. "Ndibweretsere mpando uwo."

Anadzikoka ndi manja mpaka kukwera pampando, akupuma ngati munthu wothawa galu. Zinatenga nthawi yaitali. Atakhala, anandigwira mkono.

"Amayi ako usawauze."

"Koma mwavulala, agogo."

"Tamvera. Ndinagwapo kawiri chaka chino. Mwana wa mchemwali wanga ananena kuti ndikagwanso anditenga kuno, akandisiye kumene amasunga okalamba. Amayi ako ndi munthu wabwino, koma ntchito yawo ndi yomweyo, sangabise. M'nyumba muno ndi mmene anamwalirira mkazi wanga. Sindikutulukamo. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Ndinkaona kuti ndi ine ndinawagwetsa, ndiye ndikanakana bwanji?

Masiku anayi otsatirawo a Denisi anasewera sewero lalikulu kuposa onse a m'katoni muja. Anakhala pampando womwewo, pafupi ndi khomo la kubafa, bulangeti pamiyendo. Ine ndinkawaphikira tiyi, kuwaotchera buledi, kuwatolera makalata pakhomo. Amayi akagogoda kudzanditenga, iwo ankawongola msana, kuvala chipewa chawo chachikulu, n'kuwalonjera ndi nthabwala.

"Namwino wamkulu wafika! Lero mwasambitsa nkhalamba zingati?"

"Yatsala imodzi, ili pampando apo," amayi ankayankha akuseka, ali pakhomo ndi zikwama, otopa, osalowa.

Chitseko chikamatsekeka ndinkaona nkhope yawo ikugwa.

Ine mtendere unandithawa. M'kalasi ndinkangoyang'ana wotchi. Amayi akati tipemphere, ndinkatseka maso koma mawu osabwera, chifukwa ndinkadziwa kuti Amene ndikulankhula naye akuona kuseri kwa khoma, kumene munthu akulimbana ndi kuponya phazi katatu kuti afike kuchimbudzi. Ndikaulula, ndawachotsa m'nyumba mwawo. Ndikakhala chete, bwanji akagwanso ndili kusukulu? Ndinkatuluka pakhonde, kukaika khutu pachitseko chawo, kubwerera, kutulukanso.

"Mwana iwe uli ndi nsikidzi m'zovala?" anafunsa amayi.

Lamlungu, tikuchokera kutchalitchi, tinakhala m'chipinda cham'mwamba cha basi yosanja. Ulaliki sindikuukumbukira. Ndikukumbukira kuti amayi ankang'ung'udza nyimbo, ndipo ine ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Amayi, agogo sakuyenda."

"Sakuyenda bwanji?"

"Anagwa Lachitatu. Ndinawaombera ine. Anati ndisanene."

Amayi anandiyang'ana kanthawi. Sanandikalipire. Anangoti, "Lachitatu? Yesu wanga," n'kuimirira basi isanaime.

Sitinalowe n'kwathu komwe. Anagogoda kwa a Denisi atavala za kutchalitchi, duku lili kumutu, ndipo ulendo uno analowa mpaka pakati pa chipinda.

"Agogo, taimirirani mundipatse moni."

"Pa msinkhu wanga uno ndiziimirira chifukwa cha atsikana?"

"Imirirani."

"Ndangotopa lero."

"Bambo, ine ndimanyamula anthu tsiku ndi tsiku. Phazi lanulo lapotokera kunja ndikuliona. Imirirani ndione ngati ndikunama."

Anagwira m'mbali mwa mpando, anayesa, ndipo analira mawu amene sindinawamvepo m'filimu iliyonse. Amayi anagwada n'kuwagwira dzanja, kwinaku akuimba foni kuitana ambulansi. A Denisi sanayang'ane amayi. Anayang'ana ine, amene ndinali nditaima pakhomo. Bola akanangonditukwana.

Fupa la m'chiuno linali litang'aluka. Madokotala anauza amayi kuti masiku ena ochepa pampando paja akanabweretsa zoopsa. Koma zimene a Denisi ankaopa zinachitikadi. Kufulati kuja sanabwererenso. Atatuluka m'chipatala, mwana wa mchemwali wawo anawapezera malo kunyumba ya okalamba ku Edmonton, dera lina la London kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu akutsitsa sofa ija pamasitepe.

Ulendo woyamba kukawaona tinakwera sitima ziwiri ndi basi. Anacheza ndi amayi bwinobwino, koma ine nditati, "Muli bwanji, agogo?" anatembenukira kuzenera. Ndinalira njira yonse yobwerera.

"Ndinalakwa, amayi?"

"Unalakwa kulonjeza. Kunena sunalakwe."

"Nanga bwanji akundida?"

"Munthu wataya nyumba, Tadala. Umulole akwiye. Mwezi wamawa tipitanso."

Tinapitanso, ndi mwezi winawo. Ulendo wachinayi tinawapeza akuyenda pang'onopang'ono m'khonde atagwira chitsulo choyendera, mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo ali pambali pawo. Mtsikanayo anafunsa kuti ine ndine ndani. A Denisi anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu ndi mdzukulu wanga," anatero. "Chinsinsi sasunga ngakhale pang'ono. Akakuuza kanthu za ine, umukhulupirire."

Mawu oti ndakukhululukira sanawanenepo, ndipo ine sindinawapemphe. Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Nyumba yawo ankaitchulabe, nthawi zina ndi mkwiyo, ndipo sindinganame kuti anafika poikonda Edmonton.

Lero ndine namwino woyendera okalamba m'makomo mwawo. Sipatha mwezi osapeza wina ali ndi bala pachigongono, akundigwira mkono n'kunena kuti ana ake ndisawauze. Ndimakhala pansi, n'kumuuza pamaso kuti sindilonjeza, kuti ndinena, komanso kuti ndimenya nkhondo kuti akhalebe m'nyumba mwake ngati njira ilipo. Nthawi zina njira imapezeka. Nthawi zina ayi, ndipo ndimatsika masitepe ndikupemphera, osadziwa ngati adzandilonjeranso.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni poyenda ndi pokhala. Akulimbitseni mawondo mu ukalamba wanu. Ndipo tsiku limene mudzagwe n'kufuna kubisa, akupatseni munthu wokukondani mokwanira kuti akakuneneni, ndi mtima wodzamutchulabe kuti ndi wanu. Ameni.