Tsiku Limene Ndinaimitsa Nkhondo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa dengu la nthochi. Ndinkagulitsa pa Mpamba m'mbali mwa msewu, nditatopa n'kukhala pakhomo chilembereni mayeso a Fomu 4. Makolo anga anachokera ku Thyolo kudzagwira ntchito ku esiteti ya labala, ndipo ine ndinakulira komweko. Tsiku lina mnyamata wa kabaza anagwa patsogolo panga, bondo lake n'kung'ambika. Ndinamutsuka ndi madzi a m'botolo, n'kumumanga ndi kansalu monga anatiphunzitsira ku gulu la achinyamata kutchalitchi. Bambo wina wamtali amene ankagula nthochi anaima n'kumandiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"Iwe magazi suopa cha?" anandifunsa.

"Sindiopa, bambo."

"Ndiye ife tikufuna Nesi. Ubwere Loweruka."

Bambowo anali ada Longwe, monga Atonga amatchulira bambo mwaulemu, msodzi wa kufupi ndi Tukombo, komanso Kaputeni wa boma la malipenga la kumudzi kwawo. Kuno gulu lovina malipenga limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ngati a asilikali, popeza gule ameneyu anabwera ndi makolo amene anabwerako kunkhondo ya Ajeremani. Loji ina ya kunyanja, imene dzina lake sinditchula, inagwirizana ndi bomali kuti Loweruka lililonse, lole ya alendo ikafika, azivina kenako n'kuchita sewero la nkhondo imeneyo. Amuna ankagawikana mbali ziwiri, ena atamanga kansalu kofiira pachipewa, n'kumamenyana pabwalo la kapinga kuseri kwa khitchini. Nesi wawo wakale anali atakwatiwa ku Usisya, ndipo ine ndinalowa m'malo mwake. Anandipatsa diresi loyera, chikwama cha mabandeji, thonje ndi sipiriti, komanso wisulo.

Poyamba ndinkaona ngati ndi chibwana, amuna akuluakulu a ndevu kumathamangitsana ndi mfuti zonama. Ndinasintha maganizo nditaona malamulo ake. Mfuti zinali za chiwale, zopepuka moti mwana anganyamule ndi dzanja limodzi. Kunsonga kwake ankamangako siponji yokutidwa ndi nsalu, ndipo asanayambe ankaiviika mu ufa wa kondowole. Munthu akakugunda pachifuwa, ufa unkasiya chizindikiro choyera pa khaki, ndiye kuti wafa, palibe kutsutsa. Mfuti sinkaloledwa kukwera kupitirira phewa. Wogwa pansi sankadumphidwa, unkamuzungulira ndithu, ngakhale adani akuthamangitse bwanji. Asanalowe m'bwalo ada Longwe ankanunkhiza mpweya wa aliyense, ndipo wonunkha kachasu ankakhala panja n'kumasunga nsapato za anzake.

Lamulo lalikulu, limene ntchito yanga yonse inatsamirapo, linali la chipewa. Wakufa wa sewero ankagona chammbali, n'kudziphimba kumaso ndi chipewa, osagwedezeka mpaka nkhondo itatha. Ine ndinkayenda pambuyo pa omenyanawo n'kumayang'ana aliyense wogwa. Ndikaona chipewa kumaso ndinkadutsa. Ndikaona munthu ali pansi nkhope ili poyera, ndinkadziwa kuti wavulaladi, ndipo ndinkaliza wisulo motalika. Wisulo ikalira chilichonse chinkaima, ng'oma, malipenga, ngakhale mwendo umene unali m'mwamba.

"Nkhondo ndi yabodza, mwana wangu," ankatero ada Longwe, "koma mafupa ndi enieni."

Chimene chinkandiseketsa chinali kuchena kwawo. Anthu amanena kuti Mtonga amakonda ukhondo, koma kumva n'kosiyana ndi kuona. Makabudula a khaki ankasitidwa ndi simbi yamakala mpaka mzere wake kuthwa, masokosi oyera ofika m'mawondo, nsapato zonyezimira. Chifukwa cha zimenezi aliyense ankasankha pofera. Munthu ufa wamugunda kale, koma akudzandirabe mpaka apeze kapinga wouma, ndiye agwe. Ada Longwe ndiwo anali katswiri pa zimenezi. Ankafa mwaulemu ngati akukhala pampando wa kutchalitchi, ndipo podzuka yunifolomu yawo inkakhala yopanda ndi kaudzu komwe. Ndikawaseka ankati, "Msilikali wauve ngakhale kumanda samulandira."

Tinagwira bwino miyezi ingapo. Zimene ndinamanga zinali zala zophwanyika ndi bondo limodzi losupuka, basi. Kenako kunabwera manijala watsopano wochokera kutauni, bambo wa mafungulo ambiri m'lamba. Anaonera sewero lathu kamodzi, manja ali m'thumba, ndipo litatha anatiitana tonse kuseri kwa khitchini.

"Izi ndi za ana a sukulu," anatero. "Alendo akudandaula kuti akufa anu akuoneka ngati akupuma pamthunzi. Ine ndikufuna nkhondo yoti munthu akajambula, kwawo akakhulupirire."

Anakagula mfuti zosema za mlombwa kwa ogulitsa ziboliboli, zolemera ngati munsi, zopanda siponji. M'malo mwa ufa anabweretsa timajumbo ta utoto wofiira toti munthu aziphulitsa pachifuwa kapena kumutu akamagwa. Chipewa kumaso analetseratu, akuti nkhope za akufa zizioneka pa kamera. Ananenanso kuti asilikali achepa, ndiye anawonjezera anyamata ogulitsa mikanda kugombe, oti chibadwire sanaimepo pamzere wa malipenga. Za wisulo anati izilira kamodzi kokha, pomaliza, iye akakweza dzanja.

Ada Longwe anavula chipewa n'kulankhula mofatsa. "Bwana, chipewa chija si chokongoletsa cha. Ndi chimene chimauza Nesi kuti uyu ndi wamoyo, uyu wapweteka."

"Madala, maboma a malipenga alipo ambiri m'boma lino," anayankha manijala. "Mukakana, mawa ndiitana ena."

Apa m'pamene pamandiwawa mpaka lero. Inali nthawi imene usipa unasowa, ndipo amuna ambiri a bomalo ankadalira Loweruka limenelo kuti ana adye. Manijala ankadziwa zimenezo. Sanafunse kuti lamulo lililonse linayikidwiranji, sanagwirepo ngakhale mfuti yake imodzi kuti amve kulemera kwake. Anangoona kuti anthu awa alibe kolowera, n'kuwapanikiza. Amuna aja anayang'anana, n'kuvomera mitu ili pansi. Potuluka ada Longwe anandikokera pambali.

"Chipewa atilanda," anatero motsitsa mawu, "koma wisulo ikhalebe m'khosi mwako. Maso ako ndiwo chipewa chathu tsopano."

Masabata otsatira ndinkagwira ntchito mtima uli m'mwamba. Aliyense wogwa ankakhala wofiira, nkhope poyera, pakamwa yasa, monga manijala ankafunira. Ndinkawerama pa aliyense n'kunong'oneza kuti, "Muli bwino?" ndipo ankandiyankha ndi chikope. Koma anthu ankagwa ambiri nthawi imodzi, ine ndili ndekha. Anyamata a kugombe aja ankadumpha akufa ngati akudumpha ngalande, ndipo mfuti ankaikweza mpaka pamwamba pa mutu. Ndinakadandaula kwa manijala, iye n'kundiuza kuti ntchito yanga ndi kuoneka bwino mu diresi loyera.

Tsiku loipalo kunagwa mvula m'mawa. Kumapeto kwa bwalo, kumene madzi otsukira mbale a kukhitchini ankathera, kunadikha chithaphwi chamatope akuda, chonunkha. Alendo anabwera ambiri kuposa masiku onse, ndipo manijala anawonjezera nzeru ina: anauza mlonda kuti ayatse udzu wauwisi m'mbali kuti pakhale utsi wa nkhondo. Ng'oma yaikulu inagunda, malipenga analira, mbali ziwiri zinakumana pakati. Utsi unaphimba bwalo lonse moti sindinkaona ngakhale chingwe cha malire. Ndinkangomva kugundana kwa matabwa, kukuwa kwa anyamata aja, ndi alendo akuwomba m'manja.

Mphepo itakankha utsi, ndinaona anthu ali ngundangunda, onse ofiira. Ndinayamba kuwerama pa woyamba, kenako wachiwiri. Nditakweza maso ndinaona munthu atagona m'chithaphwi muja, tsaya lili m'madzi otsukira mbale, sokosi imodzi yakuda bii ndi matope. Anali ada Longwe. Sindinafunikire kuyandikira kuti ndidziwe. Munthu ameneyo sakanasankha kufera pamenepo ngakhale atamulonjeza bwato latsopano.

Ndinaliza wisulo ndi mpweya wanga wonse. Ng'oma zinaima nthawi yomweyo, amuna a boma anauma pamene anali, koma anyamata a kugombe anapitiriza kumenyana mpaka Sajeni wa bomalo, ada Mhone, anawalanda mfuti. Ndinathamanga n'kugwada m'matopemo. Utoto wa pachifuwa pawo unali usanaphulitsidwe n'komwe, kajumbo kanali kadakali m'thumba. Zofiira zinkatuluka m'khutu la kumanzere, zakuda ndiponso zofunda, ndipo pamwamba pa khutulo panali patatupa. Mmodzi wa anyamata aja anali atawamenya ndi tsinde la mfuti mu utsi muja. Maso a ada Longwe anali otsegula.

"Ada, mukundimva?"

Milomo inagwedezeka pang'ono. "Nkhondo yatha?"

Ndisanayankhe manijala anali atafika, akupumira m'mwamba. "Iwe, wakuuza ndani kuti uimbe? Anthu akujambula! Ukudziwa zimene wawononga?"

"Bwana, munthu wavulala. Tikufuna galimoto."

Anayang'ana pansi, anaona magaziwo, kenako anayang'ana kwa alendo. Ndinamuona ndi maso angawa akuyeza ziwirizo. "Mutulutsireni kuseri, njira ya kudzala," anatero. "Enanu pitirizani, malizani bwinobwino."

Palibe anasuntha. Ndinaika thonje pakhutu osalikanikiza, n'kumanga bandeji momasuka, ndipo ndinagwira mutu wawo kuti usagwedezeke pamene ankawaika pa machira athu a nsungwi ndi chiguduli. Ada Mhone sanayang'ane manijala n'komwe. Anangofuula lamulo la pamzere, akufa onse anadzuka, n'kuima awiriawiri kumbuyo kwa machira. Sanadzere kudzala. Anadutsa pakati pa matebulo a alendo, akuponda mofanana, matope akudontha pa simenti yopolishidwa, mpaka pageti lakutsogolo. Alendo ena ankawombabe m'manja poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Mayi wina atayandikira ndi kamera n'kuona khutu lija, anagwira pakamwa. Galimoto ya loji akuti inalibe mafuta. Tinaimitsa matola pamsewu, ndipo ndinakhala kumbuyo nditagwira mutu wawo mpaka kuchipatala.

Lolemba anandichotsa ntchito. Manijala anati ndinachititsa manyazi loji pamaso pa alendo, ndipo diresi ndibweze litachapidwa. Kwa eni ake a loji anakanena kuti mdala anaterereka yekha pamatope chifukwa cha ukalamba. Boma lathu silinabwererenso kumeneko, koma sewero silinaime. Loweruka lotsatira anyamata a kugombe anavala khaki, n'kumamenyana okhaokha ndi mfuti zomwe zija.

Ada Longwe atatuluka m'chipatala ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde, ukonde uli pamiyendo koma osausoka. Khutu la kumanzere linali litafa, ndipo akaimirira msanga dziko linkazungulira. Kunyanja anali atasiya, chifukwa munthu wachizungulire sangaime m'bwato. Ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere.

"Ada, munali maso. Bwanji simunakuwe? Bwanji simunakweze ngakhale dzanja?"

Anatembenuza mutu kuti andimvere ndi khutu labwino, ndipo ndinabwereza.

"Ndinkamva akuwomba m'manja," anayankha. "Ndinati ndikadzuka ndiwononga, bwana akwiya, anyamata anga ataya ntchito. Ndiye ndinati ndigone basi ngati wakufa, Nesi andipeza. Yewu, mwana wangu, unandipeza."

Sindinathe kulandira kuthokoza kumeneko. Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa nyumba, osati ndi chisoni ayi, koma ndi mkwiyo. Munthu wamkulu, mutu utasweka, anagona m'madzi otsukira mbale n'kumasunga lamulo lakuti wakufa sagwedezeka, pamene amene anachotsa lamulo lomuteteza anali pamthunzi akuwongolera makamera.

Lero ndimathandiza pa kachipatala kena, ndipo pali zinthu zambiri zimene timachita zooneka ngati zochedwetsa: kusamba m'manja kawirikawiri, kufunsa wodwala dzina ngakhale ukumudziwa. Wina akati tisiye chakuti chifukwa chikutitayitsa nthawi kapena sichikuoneka bwino, ine ndimafunsa kaye kuti anachiyika ndani, ndipo ankateteza thupi la yani. Anzanga amati ndine wovuta, ndipo sindikana. Ndinaona kuti wochotsa lamulo si amene amakhetsa magazi ake.

Pa Chaka Chatsopano maboma a malipenga akakumana, ndimapita kukaonera. Boma lathu lili ndi Kaputeni wina tsopano. Ada Longwe amabwera atavala khaki wawo wositidwa, ndipo amawaikira mpando kutsogolo, chammbali, kuti khutu lamoyo liloze kung'oma. Nyimbo ikafika pamene Kaputeni amatembenuza mzere, iwo amagwira mpandowo ndi manja onse awiri kuti asaimirire.