Achimwene Sankakonza Mawailesi

Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa makasu. Adzukulu ankadutsa kuseri kwa nyumba kupita kukakumba manda, makasu akugundana pamapewa, kunja kusanayere. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagona motsamirana pakhonde. M'nyumba munali bokosi la achimwene anga, amene anamwalira pangozi ya galimoto kufupi ndi Santhe atabwera kutchuthi.

Tinali awiri basi, oleredwa ndi agogo. Achimwene anaphunzira mpaka kunja kwa dziko, ine ndinatsala kumudzi ndi fodya.

Ndikusukusula, amalume anabwera ndi pepala.

"Mbiri ya malemu uwerenga ndiwe. Osawonjezera, mvula ikubwera."

Pamzere wa ntchito analemba kuti ankakonza mawailesi kunja.

"Amalume, si zimene ankachita izi."

"Ndikudziwa. Koma ukatchula za moto wotentha kuposa dzuwa zija, mawa anthu adzati anali wokhwima. Ukufuna agogo ako azilozedwa zala kudibi?"

Ndinapinda pepalalo. Achimwene anandifotokozerapo ntchito yawo kangapo, mosatopa. Ankapanga timalipenga ta mkuwa tochepa ngati chala, totumiza mafunde osaoneka onga a foni mumpweya wotentha kwambiri umene umagwiridwa ndi maginito m'chimakina. Mafundewo akabwerera, amasonyeza mmene mpweyawo ukuwindukira. Ukawinduka, kutentha kumathawa, ndipo magetsi amene akufuna kudzapanga sangatheke. Anatherapo zaka zawo zonse pamenepo.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo. Anthu anabwera pa njinga, ena pa lole kuchokera kwa Kaluluma, akupepesa m'Chitumbuka. Kuseri moto unali pamafuwa asanu ndi limodzi, nkhuni zonyowa zikungofuka. Ine ndinkangozungulira, pepala lili m'thumba. Agogo anakhala pafupi ndi bokosi osayang'ana munthu. Ndinalephera kuwafunsa.

Ataitana wa mbiri, ndinaimirira. Ndinawerenga za kubadwa, za ubatizo, za sukulu. Pamzere uja ndinaima. Kutsidya kwa msewu balani loumitsira fodya la aneba linkafuka utsi, chifukwa fodya akakhala pamoto sumusiya ngakhale pamaliro.

"Nonse mukudziwa balani," ndinatero. "Sulowamo moto uli mkati. Umayeza uli panja, kuti udziwe ngati kutentha kwakhazikika kapena kukuthawa. Achimwene ankapanga zoyezera zotero. Kungoti moto wawo ndi waukulu, ndipo akadzaugwira bwino, udzayatsa magetsi."

Ndinamva mwana akulira kutali. Kenako bambo wina wachikulire pamzere wa amuna anati, "Ndiye anali wa pamoto ngati ife tomwe!" Ena anaseka pang'ono, ena anang'ung'udza zimene sindinamve. Amalume anayang'ana pansi.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Bokosi linadutsa pakati pa minda, mapesi a fodya othyoledwa masamba ataima mbali zonse. Amalume ankayenda patsogolo panga, sanacheuke ngakhale kamodzi. Kumanda sindinamve ulaliki. Ndinkayang'ana milomo ya anthu, amayi awiri akunong'onezana, ndikudzifunsa ngati ndawayambitsira agogo mavuto. Adzukulu anakwirira mofulumira, dothi likumata kumakasu.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala mabenchi a kutchalitchi, phulusa lonyowa ndi nsapato imodzi ya mwana. Agogo anagona osadya. Ndinakhala pakhomo kudikira kuti ndiitanidwe kukayankha.

Amalume anatulukira kuseri atanyamula chidutswa cha lata chokhomera pathabwa, ndi kachitini ka penti.

"Cha pamanda," anatero. "Dzina ndalemba. Pansipo lembapo iwe zimene ankachita. Zilembo zazikulu, anthu aziwerenga ali panjira."

Anandiikira zonse m'manja, n'kulowera kwawo mvula ikuwanyowetsa.