Ndinasiya mowa, khofi n'kundigoneka m'chipatala

Chizindikiro choyamba chinali chikope. Mwezi wa Meyi chaka chatha, anthu ali pakalikiliki kukumba mtedza, chikope cha m'munsi cha diso langa lamanzere chinayamba kunjenjemera. Chinkavina chokha, kusiya, kenako n'kuyambiranso. Kwathu kuno timati chikope cha m'munsi chikatero ndiye kuti ulira, kukubwera maliro. Ndiye m'malo moganizira thupi langa, ndinatha mayunitsi kuimbira abale. Ndinaimbira achemwali anga ku Kachebere, amalume kwa Zulu, ngakhalenso msuweni wanga wa ku Chipata amene tinali titasiya kuyankhulana. Onse anali bwinobwino. Wodwala ndinali ine woimba fonine.

Ndine dalaivala wa thiraki, ndili ndi zaka 47, ndipo ndimakhala kufupi ndi ku Guilleme. Ndimanyamula soya, mtedza, nthawi zina simenti, kudutsa pa boda ya Mchinji. Ntchito yathu theka ndi kuyendetsa, theka ndi kudikira. Umatha kuswera pamzere kuyembekezera mapepala, ndipo akangotuluka uyenera kunyamuka nthawi yomweyo, kaya wagona kaya sunagone.

Ndiyenera kunena za mowa, apo ayi nkhaniyi simveka. Ndinamwa zaka zambiri, ndipo ndinali chidakwa chenicheni, osati womwa pa Khirisimasi pokha. Mkazi wanga, make Tadala, anapirira zinthu zomwe ine sindikanapirira. Zaka zinayi ndisanadwale ndinasiya mowa tsiku limodzi, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri. Koma dzanja linali litazolowera kugwira kanthu. Dalaivala mnzanga wa ku Zambia anandilawitsa khofi wa ufa wa m'chitini, ndipo ndinaona kuti ndapeza mnzanga watsopano. M'mawa ndinkadzaza fulasiki, masipuni anayi odzaza mpaka kusefukira. Masana ndinkadzazanso. Pakati pake ndinkamwa timabotolo ta zakumwa zopatsa mphamvu tija madalaivala timangoti enaje. Mutu ukawawa ndinkagula mapiritsi pa okala. Sindinkaona cholakwa chilichonse. Izi zinali zakumwa zoti ukhoza kumwa pamaso pa bambo mfumu, ndipo kumphakati ankanditchula ngati chitsanzo cha munthu wosinthika.

Mu Juni manja anayamba kunjenjemera, moti posaina mapepala pa boda dzina langa linkatuluka ngati lalembedwa ndi mwana wa sitandade wani. Chilungulira sichinkandisiya. Ndinkataya madzi pafupipafupi. Tulo tinasowa, ndipo poti m'mawa ndinkadzuka wotopa, ndinkawonjezera sipuni ina. Kunyumba ndinasanduka munthu wokalipa pa zinthu zopanda pake. Mtima nawo unayamba kuthamanga ndili chikhalire, nthawi zina n'kumamveka ngati wadumpha. Make Tadala anandiuza kawiri kuti ndipite kuchipatala. Ndinawayankha kuti ndi kutopa chabe.

Lachiwiri lina mu Julaye, cha m'ma 10 koloko m'mawa, nditangochoka pa boda ndi katundu wodzaza, mtima unagunda mwamphamvu mpaka ndinkaumva m'makutu. Kunja kunkazizira koma malaya ananyowa ndi thukuta. Msewu unayamba kuzungulira. Kutsogolo kwanga kunali anthu a njinga atanyamula matumba a chimanga, ndipo ndinazindikira kuti ndikangokomoka sindifa ndekha. Ndinaimika thiraki pambali, n'kuzimitsa injini. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire. Ndinaimbira make Tadala, ndipo pasanathe ola anafika pa kabaza wa njinga yamoto, buku langa la kuchipatala lili m'manja.

Kuchipatala kuboma tinapeza mzere wautali, koma anamwino atandigwira pamkono ananditengera kutsogolo. Anandiyeza BP katatu, akumadikira pang'ono pakati pake, ndipo ulendo uliwonse inali yokwera. Malungo sanapezeke. Shuga anali bwino, magazi analinso okwanira. Madzulo anandipatsa bedi ku wodi ya amuna, make Tadala n'kukayala mphasa yawo kogona magadiyani. M'mawa uliwonse ankabwera ndi phala anthu okolopa asanamalize, n'kuima panja mpaka aloledwe kulowa.

Lachitatu anandimata timawaya pachifuwa kuti makina ajambule kagundidwe ka mtima. Kenako anabwera adokotala, mayi wachichepere woyankhula motsitsa, amene ankafunsa funso n'kudikiradi yankho. Anafunsa za fodya, ndinati ayi. Anafunsa za mowa, ndinayankha motukula chifuwa kuti zaka zinayi sindinalaweko. Anandiyamikira. Atafunsa za khofi, tiyi ndi enaje, ndinati pang'ono chabe.

Make Tadala, amene anali atakhala pampando, anatsokomola. "Pepani adokotala, ndilowerereko. Ine ndimagulitsa thobwa, ndipo mabotolo ake ndi omwe amamwera abambowa. Wotsuka ndine. Akabwera ku ulendo wa masiku atatu ndimatola khumi ndi asanu m'galimoto, nthawi zina kuposa. Chitini cha khofi sichitha sabata." Atatero anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi anga a mutu. Sindinadziwe kuti anakatenga. Adokotala anakatembenuza, kuwerenga timalemba ta kumbuyo, n'kundionetsa ndi chala.

"Bambo, mu khofi, mu enaje ndi m'mapiritsi awa muli chinthu chimodzi chotchedwa kafeini," anatero. "Khofi si poizoni. Kapu imodzi kapena makapu awiri pa tsiku anthu ambiri sawavutitsa. Koma inu mwakhala mukumwa kuchokera mbali zitatu, thupi osapuma. Mtima wanu sukuonetsa kuti wawonongeka. Ukungothamangitsidwa."

Ndinayenera kusangalala, koma ndinagwidwa ndi mantha ena. Ndinawauza zomwe ndinali ndisanauzepo munthu, kuti khofiyo ndi amene anakhala pamalo pa mowa, ndipo akandilanda ndikuopa kubwerera komwe ndinachoka. Sanaseke, sanandilalikirenso. Ngakhale odwala ena ankawadikira, anakoka mpando n'kukhala. Analemba m'buku langa ndondomeko yonse: enaje ndi mapiritsi aja ndisiye, koma khofi ndizichepetsa pang'onopang'ono, sipuni imodzi m'mawa, theka masana, kenako kutsika sabata ndi sabata. "Musasiye lero lomwe," anatero. "Mukatero mutu udzakuwawani koopsa, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe mudzafune china chozimitsira." Anapereka bukulo kwa make Tadala, osati kwa ine.

Ananditulutsa Lachisanu, ndi mankhwala a BP komanso tsiku lodzabweranso. Ndipo apa ndi pomwe ndinapusa. Ndinadziuza kuti mwamuna amene anasiya kachasu tsiku limodzi sangamanyengerere chitini. Ndinakana ngakhale sipuni imodzi ija. Loweruka ndinangomva kulemera. Lamulungu mutu unayamba, ndipo ndinasinza Misa yonse. Lolemba unali ngati wina akuukhoma ndi hamala kuchokera m'kati. Ndinkachita nseru, ndinkanyansidwa ndi aliyense, ngakhale kulira kwa nkhuku.

Masana a Lolembalo ndinati ndikawongole miyendo. Miyendoyo inkaidziwa njira. Ndinapezeka ndakhala pa benchi kuseri kwa msika, kwa mayi wina wotcheza kachasu, malo omwe ndinali ndisanapondeko zaka zinayi. Anzanga akale anandilandira ndi manja awiri, wina n'kunena kuti mankhwala a mutu wotere amawadziwa iye. Anathira m'kagalasi n'kundipatsa. Ndinakagwira. Fungo lake linandifika, ndipo sindinama, pakamwa panadzaza malovu.

Ndisanakweze dzanja, phokoso lonse linazima. Nditacheuka ndinaona make Tadala akubwera ndi fulasiki. Mayi wina wogulitsa tomato anali atandiona ndikukhota, n'kuthamanga kukawauza. Kale, nthawi ya uchidakwa wanga, make Tadala analumbira kuti pamalo amenewo sadzapondapo, ngakhale atamva kuti ndagwa. Ndinayembekezera kulalatiridwa pamaso pa anthu, ndipo ndinali woyenera. Iwo anangofika, kunjuta pambali panga, kutsegula fulasiki n'kuthira m'chivindikiro chake.

"Abambo a Tadala, mwaiwala mankhwala anu," anatero. "Adokotala analemba theka la sipuni masana. Ndi limeneli."

Ndinaika kagalasi kaja pa benchi n'kulandira chivindikirocho. Khofi wake anali wosungunula, wotsekemera pang'ono, wosiyana kutali ndi phula lomwe ndinkamwa m'thiraki. Ndinamwa yense, anthu onse akuyang'ana. Palibe anaseka. Tinanyamuka, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo tisanafike kunyumba mutu unali utayamba kuphwa.

Kuyambira tsiku limenelo chitini chinkakhala kwa iwo, ndipo ndinatsata zolembedwa m'buku osatsutsa. Zinatenga masabata asanu ndi limodzi. Masiku ena anali olemera, koma palibe linafanana ndi Lolemba lija. Tulo tinabwerera m'sabata yachiwiri. Chilungulira chinatha, manja anakhazikika. Mwezi ndi mwezi ndinkapita kukayezetsa BP, kukhala pa benchi ndi agogo ndi amayi, kudikira dzina langa. Anamwino ankandiseka kuti dalaivala wazolowera mzere. Mu Seputembala adokotala anandilola kubwerera pa chiwongolero.

Lero ndili bwino. Ndimamwa kapu imodzi ya khofi m'mawa, ndipo ndimamumva kukoma kuposa kale pomwe ndinkangomeza. M'thiraki ndimayenda ndi chigubu cha madzi ndi mtedza wokazinga. Tulo tikandigwira pamsewu ndimaima n'kugona, chifukwa adokotala anandiuza kuti kafeini amangobisa kutopa, sakuchotsa. Mankhwala a BP ndikumwabe, ndipo kagundidwe ka mtima kali m'malo mwake. Mowa sindinalawe, chaka chachisanu tsopano.

Anzanga a pamsewu, a kabaza, alonda, ndi ana asukulu amene mumamwa zimenezi powerenga, mukamva mtima ukuthamanga muli chikhalire, manja akunjenjemera, tulo tikusowa, pitani kuchipatala msanga. Musadikire kuti zikupezeni muli pa chiwongolero monga ine. Mukafika nenani zonse zomwe mumamwa, ngakhale zomwe mukuziona ngati zosalakwa, ndipo tengani timapepala ta mapiritsi omwe mumagula pa okala. Akakuuzani kuti muchepetse pang'onopang'ono, mverani, musayese uchamuna. Ngati n'kotheka pitani ndi munthu amene amakudziwani, woti akhoza kukutsutsani pamaso pa dokotala.

Ine munthu ameneyo ndili naye. Chichokereni kuseri kwa msika kuja takangana kangapo, monga amachitira anthu apabanja, ndipo nthawi zina mawu amakula ndithu. Ulendo uliwonse ndimadikira kuti lero andikumbutsa komwe anakanditenga. Mpaka pano sanatchulepo, ngakhale kamodzi.