Njinga ya Kuseri kwa Chitseko

Kodi ulendo umodzi wa panjinga, wopita kuchigayo ndi kubwerako, ungaphetse munthu? Funsoli ndakhala nalo kuyambira ndili mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndikufuna kuliyankha mosadzikondera.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Bambo anga ankagwira ntchito pa kapolisi kakang'ono m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Masiku amenewo mantha amene anthu anali nawo akaona yunifolomu anali atatha, koma chikhulupiriro chinali chisanalowe m'malo mwake. Wakuba akagwidwa, anthu ankayamba akangana: timpereke kupolisi kapena tithane naye tokha?

A Makwinja, tenanti wa pa esiteti ya fodya, anasankha kupereka. Njinga yawo itabedwa n'kupezeka, anabwera nayo okha pamodzi ndi wakubayo. Bambo anamangirira kapepala pahandulo, n'kuwauza kuti njingayo ikhala umboni mpaka mlandu utazengedwa ku Boma. Popeza chipinda chosungiramo katundu chinkadontha, inkasungidwa kwathu, kuseri kwa chitseko.

Loweruka lina, bambo atapita ku Boma, mayi anandisiyira thumba la mphale kuti ndikagayitse, iwo n'kupita kudimba. Dzuwa linali loswa mtengo. Ndinamasula kapepala kaja, ndi kumangirira thumbalo pakaliyala. Ndikukumbukirabe kulira kwa tcheni ndi mphepo m'makutu potsetsereka. Ndinasangalala, ndipo sindingakane.

Kuchigayo ndinapeza a Makwinja akutula thumba lawo paphewa, malaya atanyowa ndi thukuta. Anayang'anitsitsa chishalo chimene anachimanga okha ndi mphira.

"Iwe mwana, njingayi yalembedwa liti ntchito kwa bwana?"

Mayi wina wa pamzere anayankha ndisanatsegule pakamwa. "Musadandaule, a Makwinja. Umboni masiku ano ukumapita kukhoti kudzera kuchigayo."

Anthu anaseka. A Makwinja sanaseke.

Bambo atamva, sanandimenye. Anandiuza kuti ndibwezere kapepalako pamalo pake, ndipo m'mawa mwake tinayenda wapansi mpaka kuesiteti. Kumeneko anavula chipewa pamaso pa tenanti.

"Wolakwa ndine," anatero, "chifukwa ndinasunga katundu wanu pofikira mwana."

"Ndamva, bwana. Koma amene anaona kuchigayo ndi ambiri, ndipo simungawayendere onse."

Patapita milungu itatu, munthu wina anagwidwa masanasana ndi fodya wa m'chigafa cha eni. Ena anati apite naye kupolisi. Akuti wina anafunsa kuti, "Ndiye fodyayu akasute bwana?" Funsolo linathetsa mkangano. Uthenga utafika kwathu, njinga ya ntchito ya kupolisi inali itapita kwina ndi wapolisi mnzawo wa bambo. Ndinaona bambo ataima pakhomo, maso ali pa njinga ya a Makwinja. Kenaka anatembenuka n'kuyamba kuthamanga wapansi kukwera phiri. Anafika munthuyo atatsirizika kale.

Ndayesa kuyeza zifukwa zake chimodzichimodzi. Mkwiyo wa anthu unalipo ine ndisanabadwe, ndipo amene anatola miyala anasankha okha. Komabe tsiku lija anthuwo ankafuna chifukwa chosapitira kupolisi, ndipo chifukwacho anachitenga kwa ine. Chimene chimandisowetsa mtendere koposa n'chakuti ndikanapanda kuikwera njingayo potumidwa kuchigayo, mwina bambo akanalimba mtima kuikwera pokapulumutsa moyo. Ndinatseka njira zonse ziwiri: ya anthu yopita kupolisi, ndi ya bambo yofika msanga. Yankho langa tsono ndi lakuti ulendo wotere supha wokha, koma umachotsa chimene chikanaletsa imfa.

A Makwinja analandira njinga yawo patatha miyezi isanu, kapepala kali pomwepo. Ulendo wanga unatenga maola awiri. Bambo anachedwa ndi mphindi zosakwana makumi awiri. Munthu uja anasiya ana atatu, ndipo mpaka lero sindinalimbe mtima kufunsa maina awo.