Dzina Lina la Usipa

Bridget Longwe anakulira pa matandala a usipa ku Bandawe. Mayi ake ankayanika ndi kugulitsa nsombazo, ndipo n'zimene zinamuphunzitsa mpaka anakhala mphunzitsi wa pulayimale pa Chintheche. Atayamba digiri yophunzira ali kunyumba, sanavutike kusankha mutu wa kafukufuku. Ankafuna kulemba za usipa umene umawola nthawi ya mvula amayi asanaugulitse.

Yunivesite inamulola kulowa mu laibulale yake ya pa intaneti, koma palibe anamuonetsa kafufuzidwe kake. Bridget ankalemba funso lonse m'kabokosi kofufuzira, ngati akufunsa munthu. Kompyuta inkati palibe. Akalemba "usipa" basi, kunkabwera timapepala tosakhudza nkhani yake.

Anaimbira foni a Mbewe, amene ankayang'anira kafukufuku wake.

"Ngati palibe analembapo, sinthani mutu, mayi," anatero iwo.

Bridget anakana kusintha. Anzake anamaliza, iye n'kutsalira chaka chathunthu.

Tsiku lina akudandaula kwa mnzake pamsika, a Enos, mlangizi wa za nsomba wochokera ku Zomba, anamva.

"Aphunzitsi, m'mabuku usipa uli ndi dzina lina. Komanso musamalembe chiganizo, mawu ofunika okha basi."

Anamulembera pafoni kuti Engraulicypris sardella. Bridget anawonjezera liwu lachingerezi lotanthauza kuyanika, n'kuika AND pakati, monga a Enos anamuuzira, kuti mawuwo apezekere limodzi. Zolemba zinakhuthuka, zina zonena za madoko a konkuno ku Nkhata Bay.

Sanasangalale. Anaimbiranso a Mbewe pomwepo, anthu akumva.

"Bambo, chaka changa chapita chifukwa cha mawu awiri! Simunkawadziwa, kapena munalibe nthawi yondiuza?"

"Zimenezo ndi za a ku laibulale, mayi."

"Laibulaleyo ili nanu m'tauni! Ine ndili ku Chintheche, ndipo mukudziwa bwino. Mukanangoti ndiwaimbire amenewo, mukanadwala?"

A Mbewe sanapepese.

Digiri anaipeza chaka chotsatira, koma ku mwambo wake sanapite. Masiku ano aphunzitsi ndi anamwino a m'derali amene akuphunzira ngati iye amabwera kwawo Loweruka ndi mafoni awo. Amawaonetsa kusankha mawu, kuwaphatikiza, ndi kuyesa dzina lina loyamba likakana. Sanyengerera. Wina akalemba chiganizo chonse amamukalipira mpaka oyandikana naye nyumba kumva, kenako amamukokera mpando kuti ayambirenso.