Sabata Imene Achangu Anakhala Pansi

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti Achangu, ndipo sankawanamizira. Ntchito yawo inali yokonza mapaipi amadzi. Ukamawafotokozera vuto, usanamalize n'komwe, iwo amasula kale mpopi. Tiyi ankamwa choimirira. Akazi awo anachita kutopa n'kuwauza kuti mpando suluma.

Mayiwo anali ndi chuma chawo pabalaza: thanki yagalasi yamadzi amchere, momwe munali tinsomba tamawangamawanga ndi makorali, zamoyo zam'nyanja zooneka ngati maluwa omera pamiyala. Pakati panali korali lobiriwira lanthambinthambi, limene analilera kuyambira lili ngati chikhadabo. Madzulo alionse ankakhala pampando n'kumaliyang'ana, amuna awo akungodutsa ndi sipanala m'manja. "Kodi kanema wanuyu sasintha pulogalamu?" ankatero Achangu.

Mwana wawo wamkazi atabereka, mayi anapita kukamuthandiza. Anasiya lamulo limodzi: tsiku lililonse kasupuni ka ufa wa soda wosungunula m'madzi, woti makorali azimangira mafupa awo. Koma Achangu anaona kuti kasupuni n'kuchedwetsana. Ankafunanso kuti mayi akadzabwera adzapeze korali lawo litanenepa, pakuti ankawakonda akazi awo, kungoti pakamwa ndiye panali pouma. Anakhuthuliramo ufa wa sabata yonse.

Madzi anachita mbuu. Makorali anadzikwinya, ndipo pofika masana nsonga za lobiriwira lija zinayamba kuyera. Achangu anachita mantha kuposa tsiku limene anaboola paipi yaikulu pakati pa msewu. Anasonkhanitsa zidebe, nalowetsa paipi m'thanki kuti akhuthule zonse, kenako anaimbira foni wogulitsa tinsomba toweta m'thanki amene akazi awo ankagulako zinthu.

"Achimwene, ndalakwa kuno. Ndathira soda wambiri. Ndikutaya madzi onse, ndithire atsopano."

"Ayi bambo, chotsani paipiyo!" anakuwa wogulitsayo. "Mwazidzidzimutsa kamodzi, mukazidzidzimutsanso ndiye mwazipha. Siyani kuthira soda. Muzichotsa kachidebe kamodzi patsiku n'kubwezeramo amchere atsopano, muziyezanso madziwo ndi timadontho toyezera soda timene mayi anagula kuno. Soda azitsika yekha."

"Nanga ine ndizitani?"

"Muzikhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chilango choposa chimenecho kwa Achangu panalibe. Kachidebe kankatha mwamsanga, manja n'kumawayabwa. Anapukuta galasi mpaka linachita kulira, anamanga mipopi yonse ya m'nyumba imene sinkadontha n'komwe. Ntchito zitatha, anakhala pampando wa akazi awo, poyamba m'mphepete mokha ngati mlendo. Ali pomwepo anaona kuti kansomba kamizeremizere kali ndi phanga lake ndipo sikafuna alendo, ndiponso kuti kankhanu kena kamakolopa miyala tsiku lonse osapuma. "Iwe ndiwe m'bale wanga," anakauza.

Madzi anayera. Nsonga zina zinafa ndithu, koma m'mawa wina korali lija linatulutsa timaubweya take n'kuyamba kugwedezeka m'madzi. Achangu anapukuta m'maso ndi chipewa, ati fumbi.

Mayi atabwera, sanatule n'komwe chikwama. Analunjika pathanki, naona nsonga zoyera zija. Amuna awo anaulula zonse ataweramitsa mutu, akudikira mawu owawa.

Koma mayi anali atacheukira kwina. Pambali pa mpando wawo panali mpando wina wochokera kukhitchini, ndi kapu ya tiyi pansi pake.

"Abambo, uwu ndi wa ndani?"

"Wanga," anayankha Achangu akukanda pamutu. "Wanu uja ndakubwezerani."

Mayi anatula chikwama, nakhala pampando wawo, nagunda pang'ono mpando winawo ndi dzanja. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuitanani," anatero. "Ndikanadziwa, soda ameneyo ndikanathira ndekha kalekale."