Diso la Alamu Anga ndi Geti la Tchalitchi

Alamu anga analowa m'chipinda cha odwala maso atagwira mpango kunkhope, misozi ikutsika tsaya limodzi. Ine ndinali kukolopa. Ndinagwira ntchito m'chipindamo zaka makumi awiri ndi zitatu, kukolopa ndi kugwira mitu ya odwala kuti isagwedezeke, choncho ndinadziwa asanayankhule.

"Alamu, kachitsulo?"

"Kakang'ono, alamu. Kangondipatsa moni."

Adokotala anawadonthezera mankhwala ochititsa dzanzi. Pasanathe mphindi anatsegula diso n'kuseka. "Ambuye alemekezeke, ndachira." Ndinati, "Simunachire. Diso langoleka kumva, bala lilipo." Adokotala anachotsa kachitsuloko ndi kasingano, anawapatsa mankhwala opaka, nati apume masiku atatu. Alamu anapempha kabotolo kaja. Adokotala anakana: amenewo ndi a m'chipatala mokha, ukamadontheza kawirikawiri bala silipola, limakula iwe osamva.

Andipempha kuti ndilembe za moyo wa malemuwa m'kalata ya mpingo, ati ndilembe zabwino zokhazokha. Zabwino zilipo zambiri. Zinazo ndilembanso.

Anabadwa achisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anamwalira iwo ali mu giredi yachinayi, sukulu inathera pomwepo, nakaphunzira kuwotcherera zitsulo kwa amalume awo. Anakwatira mng'ono wanga, anabereka naye ana anayi, ndipo sindinamvepo kuti amukwezera mawu. Lamulungu lililonse ankafika oyamba kudzatsegula mawindo. Benchi imene mumakhalapo, chitsulo chopachikapo belu, zogwirira za pamasitepe, zonsezo ndi manja awo. Asanayatse makina ankavula chipewa n'kupemphera. Mawu oti "ayi" sankawadziwa, ndipo mpingo unazindikira zimenezi msanga.

Tsiku lotsatira atachoka kuchipatala kuja, atcheyamani a komiti yomanga anapita kunyumba kwawo. Lamulungu linali lotsegulira tchalitchi chatsopano, geti linali lisanathe.

"Mbale wanga, alendo adzationa bwanji?" anatero, n'kutulutsa kabotolo m'thumba. Anakatenga kwa mphwawo wogulitsa mankhwala. "Kungodontheza basi. Ntchito ya Mulungu siidikira."

Alamu anamvera. Ululu ukabwerera, kudontheza, n'kubwerera pa chitsulo. Masiku anayi. Mng'ono wanga anandibisira poopa pakamwa panga. Loweruka nditapita kukawazonda ndinapeza kabotoloko pawindo la shedi yawo yowotchereramo, pambali pa tupa, katatsala pang'ono kutha. Ndinawagwira mutu monga ndinkagwirira odwala, n'kutsegula chikope. Pakati pa diso panali patayera.

"Silikupweteka, alamu," anatero.

"N'chimene chakupherani diso chimenecho."

Madokotala anayesa miyezi iwiri. Diso linafa. Koma geti linatha, lopakidwa utoto wobiriwira, ndipo Lamulungu lija tinawombera m'manja komiti. Inenso ndinalipo. Mwini ntchito anakhala kumbuyo atamanga nsalu kudiso, palibe anatchula dzina lake. Atcheyamani anadzawazonda kamodzi, nati, "Mulungu amadziwa zonse." Ndinati akudziwadi, ngakhale thumba limene munatuluka kabotolo. Mng'ono wanga ananditulutsa m'nyumba.

Alamu sanadandaulepo. Anaphunziranso ntchito ndi diso limodzi, akudzimenya chala ndi hamala, akuthira tiyi pambali pa kapu. Ndinawapatsa magalasi otetezera maso, iwo n'kuseka kuti galasi lakumanzere likungodya zaulele. Ankakonda kunena kuti, "Njira ya kutchalitchi ndi imodzi, diso limodzi likwana." Ndikayamba za atcheyamani ankati, "Alamu, wodontheza ndinali ine." N'zoona. Koma munthu wosadziwa kukana supita kwa iye ndi kabotolo.

Atcheyamani atakalamba miyendo n'kuyamba kukana, amene anawapangira choyendera chachitsulo ndi alamu omwewa. Anayeza msinkhu bwinobwino, nakulunga mphira pogwirira. Ndinati ndikanakhala ine mwendo umodzi ndikanaufupikitsa. Anandiyang'ana ndi diso lawo lija nati, "N'chifukwa chake Ambuye anakupatsani chokolopera, osati makina." Iwo anakhululuka kalekale. Ine ndikadali m'njira.

Anakhala choncho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anamwalira Lachitatu masana, atakhala pampando umene anawotcherera okha, Baibulo la zilembo zikuluzikulu lili pamiyendo. Mng'ono wanga ankayesa akuwodzera. Pamaliro munayankhula bwino nonse: anali munthu wopirira, tiphunzire kwa iye. Phunzirani. Koma kupirira kwa munthu si chilolezo choti mumusenzetse.

Sabata yatha ndinadutsa pa holo imene tikumanga. Mmisiri wowotcherera mafelemu a mawindo anali kupala chitsulo maso ali pamtunda, ofiira ngati nyama. Nditamufunsa anati akomiti akufuna zonse zithe pofika Lamulungu, kukubwera alendo.

Magalasi a malemu ndinakamupatsa dzulo. Chatsala ndi chanu. Musunthe tsikulo, munthuyo apite kuchipatala akamuone m'maso. Alendo angathe kukhala mu holo yopanda mawindo, mphepo siinaphe munthu. Ndipo wina akadzakuuzani kuti china chikumupweteka, musamufunire chomutontholetsa kuti ntchito yanu ithe. Mulandeni chitsulo m'manja, mumuperekeze. Ulendo uno chitani bwino kuposa mmene tinachitira ndi alamu anga.